Usiku umene bambo a ana anga anatsika phiri la Ngozi pa machira

Chikhakha anachotsa kalekale ndipo bambo a ana anga akuyenda okha, ngakhale kukazizira mwendo umawakumbutsabe. Chandilembetsa n'chakuti mabanja awiri kuno ku Kasungu andifunsa za ulendo wathu wa ku Tanzania, akuti nawo akufuna akaonetse ana awo mapiri a ku Mbeya. Sindinawaletse, ndipo sindingaletse munthu. Malo aja ndi okongola moti mpaka lero ndimawalota. Koma ife tinanyamuka ngati anthu opita kukacheza kwa achibale, ndipo panatsala pang'ono kuti tibwerere kuno tili osakwanira.

Ganizoli linabwera ndi mnzawo wa amuna anga amene anaphunzira naye ku sekondale. Amakhala ku Lilongwe ndipo kwa zaka zingapo akhala akukwera miyala ndi zingwe limodzi ndi achinyamata ena kumeneko. Ine ndimawatchula alamu, ana anga amati ankolo. Akazi awo kwawo ndi ku Karonga, ali ndi mapasa a zaka 12, ndiye tonse timangoti amake mapasa. Mu 2023 atabwera kudzatichezera, tinakwera nawo phiri la Kasungu m'mawa wina n'kutsika dzuwa lisanafike paliwombo, ana akuthamangitsana. Tili pamwamba pomwepo alamu anati, "Mulamu, ana awa akufunika aone phiri lenileni." Mwana wathu wachisamba, mnyamata wa zaka 15, sanaileke nkhaniyo, ndipo mzime wathu, mtsikana wa zaka 9, anayamba kuuza anzake kusukulu kuti akupita kunja.

Tinagwirizana kuti banja lililonse lisunge K800,000. Ine ndinkaponya ku banki m'khonde, bambo anaonjezera za soya. Mu Novembala 2023 kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti, petulo n'kufika K2,530 pa lita. Apa m'pamene tinayenera kukhala pansi n'kuwerengeranso, kapena kusuntha ulendo. Sitinatero. Tinangoyamba kufufuta pa mndandanda zinthu zomwe tinkati tingathe kukhala popanda: majasi a mvula, nsapato za m'phiri, inshulansi ya paulendo, ndi ndalama yapambali ya zadzidzidzi. Zinthu zinayi zimenezi n'zomwe tinadzazilira pambuyo pake, chimodzichimodzi.

Tinasankha sabata yotsatira Pasaka wa 2024, kumayambiriro kwa Epulo, chifukwa ana anali pa tchuthi. Kwathu kuno mu Epulo mvula imakhala ikutsazika, chimanga chikuuma m'munda, alimi a fodya akudinda mabelo. Tinaganiza kuti ndi mmene zilili kulikonse. Ku Tukuyu, tauni ya m'chigawo cha Mbeya komwe tinkapita, ndi ku mapiri ozungulira phiri la Rungwe, Epulo ndiye pachimake pa mvula. Dera lija ndi limodzi mwa madera olandira mvula yambiri m'dziko la Tanzania, n'chifukwa chake kuli minda ya tiyi, nthochi ndi mapeyala mbali zonse. Amake mapasa anatchulako kamodzi kuti kwawo kumpoto kwa Karonga mwezi umenewo madzi amasefukira, koma palibe anazitengera. Wofuna kukakwera mapiri aja apite pakati pa Juni ndi Okutobala, atanyamula zofunda chifukwa kumazizira.

Kuchoka ku Kasungu kukafika pa chipata cha Songwe ndi makilomita pafupifupi 500 pa msewu wa M1: Jenda, Chikangawa, Mzuzu, kutsika Chiweta, kenako kutsata nyanja mpaka Karonga. Nthawi imeneyo msewu unali mkati mokonzedwa, ndiye m'malo angapo tinkapatukira m'fumbi ndi m'matope. Ife tinali pa ka Sienta kathu, alamu pa pikapu. Tinagona ku Karonga kwa achibale a amake mapasa, tinadya mbalagha, tonse mitima ili m'malo.

Pa boda m'pamene tinayamba kutaya nthawi. Ife Amalawi sitifunika viza polowa m'Tanzania, ndiye za mapasipoti zinatha msanga. Vuto linali galimoto. Pikapu ya alamu inali yolembedwa m'dzina la mkulu wawo, ndipo analibe kalata yosonyeza kuti mwiniwake wawaloleza kutuluka nayo m'dziko. Tinakhala maola anayi tikudikira kuti kalatayo ilembedwe ku Lilongwe, idindidwe, itumizidwe. Ngati mukutuluka ndi galimoto, bulu buku, kalata ya mwini ngati si yanu, mapepala a kupolisi ndi oitulutsira kwa kanthawi, komanso inshulansi ya COMESA ija amati yelo khadi, zonsezi konzeranitu muli kwanu. Dziwaninso kuti mukangowoloka mlatho wa Songwe mwataya ola limodzi, chifukwa nthawi ya ku Tanzania ili patsogolo pa yathu.

Chifukwa chochedwa, tinadumpha chinthu chimodzi chomwe chinadzatipweteka koposa: sitinagule simu khadi ya kumeneko. Kulembetsa kumafuna pasipoti ndi kanthawi, ndipo ana anali atatopa. Tinati tizigwiritsa ntchito intaneti ya pamalo ogona. Ndalama tinasintha zochepa, poganiza kuti zina tizitapa ndi khadi ya ku banki. Tisanafike ku Tukuyu apolisi anatiimitsa chifukwa bambo anapitirira liwiro la 50 podutsa m'mudzi, tinalipira mashilingi 30,000. Kulakwa kunali kwathu. Zikwangwani za 50 kumeneko ndi zambiri ndipo amazitsatira kwenikweni.

Tsiku lotsatira linali lokoma, ndipo sindikufuna zoipa zija zilifafanize. Tinapita kukaona Daraja la Mungu, mlatho wachilengedwe wa mwala pamwamba pa mtsinje wa Kiwira, womwe unapangika ndi chiphalaphala cha phiri lophulika kalekale. Madzi anali ofiira, akulindima pansi pathu. Masana kunacha, ndipo alamu anatipititsa pa thanthwe lina lalifupi lomwe anawalozera eni malo ogona. Anazungulira kumbuyo, anamanga chingwe pamitengo iwiri ikuluikulu pamwamba, n'kuchigwetsera pansi. Wokwera aliyense ankavala lamba wa m'chiuno ndi m'ntchafu uja amati hanesi, ndi chipewa cholimba. Mfundo inkamangidwa yooneka ngati nambala 8, ndipo munthu asananyamuke, wokwera ndi wogwira chingwe ankaonana malamba ndi mfundo. Mnyamata wathu anafika pamwamba katatu. Ngakhale ine ndinakwera mpaka pakati, miyendo ikunjenjemera, n'kutsitsidwa pang'onopang'ono ndikuseka.

Mtsikana wathu yekha alamu anamukaniza kupitirira msinkhu wa munthu. Anati lamba wa akuluakulu sagwira mwana wochepa thupi, chifukwa chiuno chake sichinatambasuke, ndiye akatembenuzika mutu pansi akhoza kupulumukamo. Ana otere amafunika lamba wogwira ndi m'mapewa momwe. Mwana analira koma ndinawayamikira mumtima. Ndikunena izi kuti mumvetse kuti alamu si munthu wosasamala. Pa thanthwe louma, masana, zida zonse zilipo, anali wosamala kuposa tonsefe. Kungoti tsiku limenelo linatipatsa mtima woti tili ndi katswiri, ndiye palibe chingatigwere.

Madzulo ake bambo analemberana pa WhatsApp ndi mnyamata wotiperekeza ku Ngozi. Ngozi ndi phiri lomwe linaphulika kale, lotalika kupitirira mamita 2,600, ndipo m'kati mwa chigwa chake muli nyanja yozunguliridwa ndi nkhalango. Mnyamatayo Chingerezi ankachidziwa pang'ono, ndiye analemba m'Chiswahili: "Kesho tuanze saa moja." Bambo amadziwa kuti moja ndi chimodzi, choncho anatiuza kuti tikumana naye 1 koloko masana. Anadabwa pang'ono koma anati mwina phirilo ndi lalifupi. Sanamufunse mnyamatayo, sanafunsenso amake mapasa amene anali m'chipinda chinacho akugoneka ana. M'Chiswahili maola amayamba kuwerengedwa kutuluka kwa dzuwa. Saa moja ndi 7 koloko, saa mbili ndi 8 koloko, ndipo 1 koloko masana ndi saa saba. Mukapangana nthawi ndi munthu kumeneko, muuzeni ailembe m'manambala ndipo anene ngati ndi m'mawa kapena masana.

M'mawa magetsi anali atazima, intaneti palibe, ndipo mafoni athu analibe netiweki. Mnyamata uja anatiimbira kambirimbiri osatipeza. Ife tinadya mosathamanga, tinazungulira pa msika wa Tukuyu, tinakafika pa mphambano yolowera ku Ngozi, pa msewu wa ku Mbeya, 1 koloko itangokwana. Tinamupeza atakhala pansi pa kagolosale, atadikira maola asanu ndi limodzi. Anali Mnyakyusa, ndipo chilankhulo chawo ndi chapachibale ndi Chinkhonde cha ku Karonga, ndiye amake mapasa anamvana naye bwinobwino. Atamva nkhani yonse anatembenukira kwa amuna awo n'kuti, "Akuti tibwere mawa. Akuti mvula kuno imayamba masana ndipo njira yaterera." Alamu anati mawa tinakonza zopita ku Matema, kugombe la nyanja ya Malawi, ndipo malo tinalipira kale. Bambo anavomereza. Mnyamatayo anayang'ana kumwamba, anayang'ana nsapato za ana, kenako anati chabwino, koma tikafika pamlomo pa chigwa tingoona nyanja n'kubwerera pomwepo.

Kanjira kochoka pa tala kupita potsikira magalimoto ndi kafumbi, ndipo tsiku limenelo kanali phala lokhalokha. Sienta inatitimira tisanapite patali. Tinakankha, tinaika nthambi, ola lathunthu linapita. Pomaliza tinaisiya pomwepo, pikapu nayo tinaiimika chapatsogolo pang'ono, n'kuyamba wapansi. Pofuna kupepukitsa katundu alamu anasiya m'galimoto chikwama cha malamba ndi zipewa. Anangotenga chingwe chimodzi. Tonse anthu 8 tinali ndi mabotolo anayi a madzi, mabisiketi, nthochi, ambulera imodzi ndi tochi imodzi ya m'manja. Ana anavala majinzi, matisheti ndi masinika osalala kunsi. Ine ndinali ndi zitenje ziwiri m'chikwama, mwachizolowezi chabe.

Nkhalango ya Ngozi sindinaionepo kwina. Nthochi zam'tchire zamasamba aakulu, nsungwi, mitengo yovala ndere kuyambira pansi mpaka m'nthambi, ndi anyani akuda ndi oyera amichira yaitali akudumpha pamwamba pathu. Njira imayamba mofatsa kenako imaimirira, ndipo m'malo ena umakwera pogwira mizu. Cha m'ma 3:30 kunayamba mawawa, posakhalitsa mvula yeniyeni. Tinanyowa mpaka mkati. Jinzi ikanyowa imalemera, siuma, ndipo imakoka kutentha kwa m'thupi. Pamene ukukwera kumka kuzizira, pafupifupi madigiri 6 pa mamita 1,000 alionse, ndiye munthu wochokera ku Kasungu akaima pamwamba pa Ngozi atanyowa, mphepo ikuomba, amakhala ali m'nyengo ina yomwe thupi lake silinaizolowere.

Apa m'pamene pali kulakwa kwanga. Ndinaona mwana wanga wamkazi wasiya kulankhula. Ankatsalira, ankapunthwa pa mizu yoonekeratu, mano akugundana. Ndinadziwa mumtima kuti tiyenera kubwerera. Mawu anafika pakamwa kawiri konse. Koma mapasa a anzathu anali patsogolo akuimba, ndipo sindinafune kuti banja lathu lioneke lofooka. Ndinaganizanso za ndalama zonse tinawononga, za miyezi yoponya ku banki m'khonde, kuti tibwerere osaona nyanjayo? Ndinamufunsa mwana kuti uli bwino, anagwedeza mutu, ndipo ndinalandira yankholo chifukwa ndi lomwe ndinkafuna kumva. Akulu anati manyazi anapha lambe. Ndikanayankhula pamenepo, zonse zotsatirazi sizikanachitika, chifukwa ndikudziwa kuti amake mapasa akanandithandiza, ndipo mnyamata wotiperekeza ankangodikira munthu mmodzi woti anene.

Tinafika pamlomo pa chigwa cha m'ma 4:30. Nyanja sitinaione. Nkhungu inali itadzaza chigwa chonse, mbee, ngati thonje. Mnyamata uja anati tiyeni tizibwerera. Alamu anati nkhungu ili pamwamba chabe, munthu atatsikira m'kati pang'ono akhoza kuona madzi n'kujambulira ana chithunzi. Mnyamatayo anakana ndi mutu ndi manja omwe. Anati kutsikira kunyanja ndi phedi ndipo ngakhale m'chilimwe si aliyense amatsika. Amake mapasa anati, "Abambo, mverani mwini malo." Alamu anamanga chingwe pa mtengo n'kutsika mamita ochepa, anabwerera bwinobwino akuti aona madzi pang'ono. Bambo a ana anga anati nawo akaone. Ndinati, "Bambo, musapite." Koma ndinanena motsitsa, ngati wopempha, ndipo anayankha kuti, "Amayi, mphindi ziwiri zokha."

Analibe lamba m'chiuno. Anangogwira chingwe ndi manja, chingwe chonyowa ndi chamatope. Dothi la m'mapiri ophulika ndi lofumbutuka, limaoneka lolimba koma ukaponda limagumuka ngati phulusa lonyowa. Pomwe anaponda alamu panali patafooka kale. Ndinangomva phwaa, kenako nthambi kuthyoka, kenako zii. Mnyamata wathu anakuwa kuti "Ababa!" mawu omwe sindidzawaiwala. Patapita kanthawi tinamva kubuula. Anatsetsereka mamita anayi kapena asanu n'kukodwa pa tsinde la mtengo. Kunsi kwa mtengo umenewo kunali nkhungu yokhayokha.

Kuwakweza kunatenga mphindi pafupifupi 40. Alamu anatsika atadzimanga chingwe m'chiuno, anawamanga m'khwapa, ndipo ife tonse pamwamba tinkakoka, mnyamata wotiperekeza akukulunga chingwe pa mtengo kuti chisabwerere. Atafika, phazi lakumanja linali litayamba kutupa pa kakolo ndipo sakanatha kuliponda n'komwe. Bambo anati wina alikoke liwongoke, monga timachitira kumudzi. Amake mapasa anakaniza, ndipo adokotala anadzatiuza kuti anachita bwino, chifukwa kukoka fupa lothyoka kumatha kuvulaza mitsempha. Tinamasula zingwe za nsapato, tinadula nsungwi ziwiri, tinaika mbali ndi mbali, n'kumanga ndi chitenje changa chimodzi chong'amba pakati. Tinkayang'ana zala za kuphazi ngati zikumva kukhudzidwa ndiponso ngati sizikusintha mtundu.

Nditatembenuka ndinapeza mwana wanga wamkazi atakhala pansi m'matope. Anali atasiya kunjenjemera. Poyamba ndinati mwina wayamba kupeza bwino, koma nditamuitana anayankha mochedwa, mawu osamveka, akuti akufuna agone. Mnyamata wotiperekeza atamuona nkhope yake inasintha. Anauza amake mapasa kuti mwanayu atsike tsopano lino. Ndinadzamva pambuyo pake kuti munthu wozizidwa akasiya kunjenjemera ali pamalo ozizira omwewo, n'kuyamba kusokonekera ndi kuodzera, ndiye kuti thupi lagonja. Chimenecho ndi chizindikiro choopsa kuposa kunjenjemera.

Mdima unali pafupi, ndipo wodziwa njira anali mmodzi. Tinagwirizana kuti iye atsike ndi amayi ndi ana, akaitane anthu a m'mudzi odzanyamula wovulala. Alamu atsale ndi bambo. Mnyamata wathu anakanitsitsa kusiya bambo ake, ndipo ndinalibe mphamvu zolimbana naye. Ndinaima pakati, mwamuna wanga ali gone apo, mwana wanga ali lefu apa. Bambo anandiyang'ana n'kuti, "Amayi, pitani ndi mwana." Tinawasiyira ambulera, mabisiketi ndi mafoni awiri ounikira. Ndinamuvula mwana tisheti yonyowa, ndinamubereka khungu lake likukhudza msana wanga, n'kumanga ndi chitenje chotsalacho, amake mapasa n'kutifunditsa juzi yawo pamwamba.

Za kutsika kuja ndikukumbuka zochepa. Ndinatsika kwambiri chokhala pansi, ndikukhwekhwereza m'matope, dzanja limodzi pa mizu lina kumbuyo pa mwana. Mdima wa m'nkhalango umafika msanga kuposa wa kunja, ndipo unali wa ndiweyani. Tochi inali kwa mnyamata uja patsogolo, mapasa pakati akulira chamumtima. Njira yonse ndinkamuyankhulitsa mwana kuti asagone. Ndinamufunsa mayina a anzake a m'kalasi, matebulo, nyimbo za ku Sande sukulu. Akayankha ndinkathokoza Mulungu, akachedwa ndinkamugwedeza.

Cha m'ma 7:30 tinafika pa nyumba yoyamba. Mayi wina wachikulire, osatidziwa, osamva chilankhulo chathu, anangotiyang'ana n'kutsegula chitseko. Anakoleza moto, anatulutsa mabulangete, anaphika tiyi wa shuga wambiri. Ine ndinafuna kumuyandikizitsa mwana pamoto penipeni ndi kumutikita miyendo, koma mayiwo anandigwira dzanja n'kundisonyeza kuti ndimufungatire pachifuwa m'bulangete, atenthe pang'onopang'ono. Atatsitsimuka mokwanira kumeza bwino tinayamba kumumwetsa tiyi ndi supuni. Patapita ola anayambanso kunjenjemera, kenako analira kuti akufuna ababa ake. Sindinasangalalepo ndi kulira kwa mwana ngati usiku umenewo.

Mnyamata wotiperekeza sanakhale n'komwe pansi. Anasonkhanitsa amuna asanu ndi mmodzi okhala ndi matochi, zikwanje ndi bulangete, n'kubwereranso kuphiri. Anapanga machira a nsungwi. Ine ndinakhala pakhomo ndikuyang'ana kumdima mpaka cha m'ma 11:30, pamene ndinaona timiyuni tikutsika pang'onopang'ono m'mitengo. Mwana wanga wamwamuna anali kumbuyo kwa machira, atavula juzi yake n'kufunditsa bambo ake, milomo ili gwa ndi kuzizira. Alamu sanathe kundiyang'ana kumaso.

Tinakafika kuchipatala ku Mbeya pa pikapu cha m'ma 2 koloko usiku. Anatilandira bwino. Atajambula anapeza kuti fupa laling'ono la kunja kwa kakolo lathyoka koma silinasunthe kwambiri, ndiye opaleshoni sinafunike. Anaika chikhakha cha theka chifukwa cha kutupa, n'kutiuza kuti chathunthu akaike kwathu kutupa kukaphwa. Mwana anamuyeza n'kumugoneka mpaka m'mawa. Polipira m'pamene tinagwira njakata. Sikimu ya zachipatala ya kuntchito kwa bambo sinkagwira kunja kwa Malawi, chinthu chomwe tikanachidziwa tikanangofunsa tisananyamuke. Khadi ya ku banki inatulutsa ndalama pang'ono n'kukana. Anatipulumutsa ndi msuweni wa amake mapasa amene amachita geni ya mpunga ku Kyela. Anatumiza mashilingi pa foni ya mnyamata wotiperekeza, ife n'kudzamubwezera makwacha ku Karonga.

Kuchipatala, ndi mankhwala ndi ndodo zoyendera, kunapita mashilingi pafupifupi 300,000. Amuna onyamula machira sanatchule mtengo, tinawapatsa 120,000 onse pamodzi, ndipo mpaka pano ndimaona kuti inachepa. Thirakitala yokoka Sienta inatenga 80,000. Tinagona masiku atatu owonjezera ku Mbeya, ndipo ndalama yomwe tinalipiriratu ku Matema inapita osabwerera. Petulo wa ulendo wonse anadya pafupifupi K250,000. Tonse pamodzi banja lathu linapitirira bajeti ndi K520,000, ngongole yomwe tinamaliza kubweza mu Ogasiti titagulitsa chimanga chomwe tinkati tisunge. Bambo anakhala milungu isanu ndi umodzi m'chikhakha ndi ina inayi akuphunziranso kuponda. Majasi anayi a mvula ndi nsapato zamano kunsi za pa kaunjika sizikanafika n'komwe pa K150,000.

Amene mukukonzekera, munthu aliyense, ngakhale mwana, akhale ndi jasi la mvula, juzi youma yokulunga m'jumbo, tochi yakeyake, madzi ndi kachakudya ka shuga. Majinzi asiyeni kumalo ogona. Yambani kukwera m'mamawa, ndipo musanaponde phiri panganani pamaso pa ana ola lobwerera, mwafika pamwamba kapena ayi. Panganinso kuti aliyense, ngakhale wamng'ono pa onse, akati tibwerere, nonse mubwerera popanda kumufunsa chifukwa. Chingwe chopanda lamba musachidalire, manja onyowa sagwira thupi la munthu wamkulu. Ndipo wokuperekezani akati ayi, musamunyengerere ndi ndalama kapena ndi nkhope zachisoni. Mnyamata uja anavomera chifukwa tinali alendo ndipo ankafuna ntchito, kenako ndi iye amene anakwera phiri lija kawiri tsiku limodzi, kachiwiriko usiku mvula ikugwa.

Pobwerera woyendetsa Sienta ndinali ine. Laisensi ndili nayo koma ndinali ndisanapitirirepo Chinkhoma kapena Chatoloma. Bambo anakhala kumbuyo mwendo uli tantha pa mapilo. Pokwera Chiweta, m'makhotolo muja, mathanki a mafuta akutsika moyang'anana nane, manja anatuluka thukuta mpaka chiwongolero kuterera. Alamu anali patsogolo pa pikapu akuyenda pang'onopang'ono kuti ndizitsatira, mnyamata wanga pambali panga akundiuza kukhota kukubwera. Titafika pamwamba ndinaimika pambali n'kulira kwa nthawi yaitali, kulira komwe ndinakusunga kuyambira pa Ngozi. Palibe anandiletsa. Tinagona ku Mzuzu, n'kufika ku Kasungu mawa lake masana.

Kwa miyezi iwiri sindinkayankha mafoni a alamu. Ndinkawaimba mlandu, ndipo zinali zosavuta kutero kusiyana ndi kukumbukira kuti ine ndinaona mwana akufooka n'kukhala chete. Mu Juni anabwera okha pa basi, atanyamula lamba wa ana wogwira m'mapewa. Anakhala pa khonde n'kuti, "Mulamu, ndinalakwa." Ndinawauza za mawu aja anafika pakamwa panga kawiri. Bambo nawo anatchula za saa moja. Tinakhala pamenepo mpaka tiyi anazizira.

Mtsikana wathu amafunsabe kuti nyanja ija ndi yamtundu wanji, popeza anafika pamlomo pake osaiona. Bambo ake amuuza kuti tidzapitanso m'mwezi wa Ogasiti, mwendo ukadzalimba ndiponso ndalama zikadzakwana. Nambala ya mnyamata wa ku Tukuyu tinaisunga, ndipo pa Khirisimasi tinamutumizira kangachepe koti agawane ndi mayi aja anatitsegulira chitseko. Ndayambanso kuponya ku banki m'khonde. Majasi anayi a mvula ndagula kale pa kaunjika wa pa msika wa Kasungu, ali kuseri kwa chitseko cha kuchipinda.